Makalata a omvera: za Nadhim Zahawi

Tiyambe ndi kalata ya bambo ena aku Leeds ku UK, akuti amagwira ntchito yosamalira okalamba. Alemba kuti: "Achimwene, anzanga kuno amandiseka ndikamati mwana wanga tsiku lina adzalowa palamenti. Akuti obwera sangaone khomo lake, makamaka kuchipani cha Conservative. Zoona zimenezi?"

Zikomo bambo, anzanuwo mukawauze za Nadhim Zahawi. Mkuluyu anabadwira ku Baghdad mu 1967, ndi wa mtundu wa aKurd, makolo ake anathawa ku Iraq nthawi yomwe Saddam Hussein amayamba kuvuta, iye ali kamnyamata kosadziwa ndi Chingerezi chomwe. Sukulu anapita nayo patali ndithu mpaka University College London koma mtima unali pa geni, ndiye mu 2000 iye ndi mnzake Stephan Shakespeare anayambitsa YouGov, kampani yofunsa anthu maganizo awo pa intaneti, apa ndi pomwe dola inayamba kulowa. Ndale sanayambire pamwamba ayi, anakhala khansala ku Wandsworth mu London zaka 12, kumva madandaulo a zinyalala ndi misewu, kenako mu 2010 nkuwina mpando wa palamenti wa Stratford-on-Avon, kuchipani cha Conservative chomwecho. Nthawi ya Covid ndi iyeyu anali nduna yoona za katemera, kenako ya maphunziro, mu Julaye 2022 nduna yaikulu Boris Johnson nkumupatsa unduna wa zachuma. Patangopita masiku awiri anauza bwana wake yemweyo kuti atule pansi udindo. Ine zimenezo zinandisiya kukamwa yasa.

Ndiye mwanayo asagwe ulesi bambo, kungoti tisanamizane, Zahawi pofika kupalamenti anali kale ndi chikwama chonona.

Mayi ena aku Zomba atumiza pa WhatsApp: "Kodi si yemwe uja anamuchotsa chifukwa cha msonkho?"

Ndi yemweyo mayi, mumatsata nkhani inu eti. Mu Januwale 2023 Rishi Sunak, nduna yaikulu panthawiyo, anamuchotsa pa utcheyamani wa chipani zitadziwika kuti a zamisonkho anamulipitsa chindapusa iye osaulula bwinobwino. Ndipo mu 2013 anapepesapo kale, zitapezeka kuti bilu ya magetsi a khola la mahatchi ake imalipidwa ndi ndalama za boma. Khola la mahatchi mayi! Anabweza ndalamazo. Pachisankho cha 2024 sanaimenso.

Timvere kaye kanyimbo, tikabwerako tili ndi kalata yochokera ku Mzimba.