Kuwala kwa m'chipinda cha Jerome Woyera: tione chithunzi cha Dürer

Moni nonse. Lero tili ndi chithunzi cha Albrecht Dürer, katswiri wojambula wa ku Nuremberg ku Germany, cha m'chaka cha 1514, chosonyeza Jerome Woyera, womasulira Baibulo, ali m'chipinda chake. Kukula kwake sikufika pepala la A4, koma taonani zomwe zadzaza m'menemo.

Choyamba, dziwani kuti Dürer sanagwire burashi apa. Anatenga kachitsulo kosongoka n'kuzokota mizera pa mbale ya mkuwa. Inki imalowa m'mizeramo, pamwamba amapukutapo, kenako makina amatsindira pepala lonyowa pa mbaleyo. Ndiye mdima wonse mukuuonawu ndi mizera. Kuwala ndi pepala chabe, malo amene dzanja lake linawasiya.

(Kamera iyandikire pazenera la kumanzere)

Apa ndi pamene ine ndimathera nthawi. Zenerali lili ndi timagalasi tozungulira, ndipo dzuwa likadutsamo likusiya timawanga pakhoma la m'mbali mwake, kamodzikamodzi, ngati mawanga a nkhanga. Yang'anitsitsani: pena mizera yathithikana, pena yatalikirana, pena yasanduka timadontho. Ndi zomwezo basi wapanga matabwa a kudenga, mpaka mfundo za mtengo zikuoneka, ndi ubweya wa mkango wagona kutsogoloku pambali pa kagalu kali m'tulo.

Nanga mwini chipinda ali kuti? Ali kumbuyo kwenikweni, wamng'ono, wawerama pa tebulo akulemba. Komabe diso silimusowa, chifukwa kuzungulira mutu wake Dürer anasiya pepala loyera mbuu, ndipo m'mbali mwake anadetsamo. Mizera ya denga, benchi ndi tebulo ikuthamangira kudzanja lamanja, osati pakati, n'chifukwa chake mumamva ngati mwasuzumira pakhomo mwakachetechete, kuopa kusokoneza munthu ali pa ntchito.

Chigaza chili pazenera, kamtanda kali pakona ya tebulo. Mukakoka mzera kuchoka pamutu pa Jerome kupita ku chigazacho, mudutsa pa mtandawo.

Tsono onani mphonda yalendewera kudenga. Jerome ndi amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, ndipo pa chomera chomwe chinamtchinga Yona ku dzuwa iye sanalembe mphonda monga ankawerengera anthu kale, analemba chomera china choyanga. Nkhaniyi inafika mpaka m'makalata a iye ndi Augustine Woyera, bishopu wa m'nthawi yomweyo. Dürer waipachika mphondayo m'chipinda cha Jerome momwemo, pamwamba pa munthu amene anavutika ndi liwu limodzi lokha.