Winchi ya nangula ikulira: mvetserani kaye musanamasule

[Kamera pa winchi, kutsogolo kwa boti]

Moni abale nonse a ku Joni, makamaka inu amene mumasamalira maboti ku Vaal Dam, cha ku Deneysville uko, ndi ku Hartbeespoort. Ku Mangochi ndi ku Nkhotakota nangula timakoka ndi manja, koma kuno ntchitoyi imagwiridwa ndi winchi ya magetsi, kaya ya Lewmar, Lofrans kapena Maxwell. Ikangoyamba phokoso, ambiri amathamangira kuuza mwini boti kuti mota yafa, pagulidwe ina. Zimandiwawa zimenezi, chifukwa nthawi zambiri mota imakhala yabwinobwino. Kaliridwe kake kamakuuzani pamene pali vuto.

Musanaikepo dzanja, thimitsani breaker, switchi yodula magetsi opita ku winchi. Tcheni ikagwira chala siimva kukuwa.

[Phazi liponda batani]

Mwaponda batani, mwamva "tha!" basi, kapena "tha-tha-tha", winchi osazungulira. Amene akulirayo ndi solenoid, kaswitchi kotumiza magetsi ku mota mukaponda batani, ndipo kawirikawiri akudandaula magetsi. Boti likagona nyengo yonse yozizira, Juni mpaka Ogasiti, batire imafooka. Yodzaza bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Ikani mita yoyezera magetsi pa mawaya a pamota, mnzanu aponde batani. Ngati pamota pakufika magetsi ochepa ndi 10 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi a pabatire, vuto lili m'mawaya. Fufuzani ufa wobiriwira pa zolumikizira, palani, mangani zolimba. Ndipo pokoka nangula injini izikhala ikulira.

[Tcheni ikudumpha pa gudumu]

Phokoso limene limasokoneza anthu kwambiri ndi ili: "gu! gu! gu!", tcheni ikudumpha, boti lonse likunjenjemera. Apa yang'anani gudumu la mano limene tcheni imadutsapo, lija amati gypsy. Gudumuli amalipangira mtundu umodzi wa tcheni, ndipo nambala yake imadindidwa pomwepo. Kunena kuti "tcheni yanga ndi ya mamilimita 10" sikokwanira. Ya mamilimita 10 ilipo ya muyezo wa DIN 766, imene mphete yake m'kati ndi yotalika mamilimita 28, ilinso ya ISO 4565, ya mamilimita 30. Ndi maso simungazisiyanitse. Koma mamilimita awiriwo amaunjikana: mphete yoyamba ikhala bwino, yachiwiri isendera pang'ono, pofika yachinayi yakwera pa dzino, kenako gu! Tcheni yongogula pa hadiweya, yomangira geti, ndiye musayese n'komwe.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Magetsi ali othima, kulungani tcheni pagudumu ndi manja. Mphete iliyonse ikhale m'dzenje lake osagwedera. Ngati ikukhala bwino koma imadumphabe, onani ngati yapotokana, kapena mano aperepeseka n'kukhala osalala. Suzumiraninso m'bokosi losungira tcheni. Tcheni imafuna potsikira masentimita 30 kapena kuposerapo. Ikaunjikana mulu mpaka kukamwa kwa bowo, imabwerera m'mwamba n'kupanikizana. Matope a ku Vaal akauma pa mphete amachititsanso zomwezi, ndipo ku Hartbeespoort namasupuni amakwera limodzi ndi tcheni n'kukulungika pagudumu. Ndowa ziwiri za madzi ndi burashi zimathetsa mlandu umene wina akanalipirira marandi ambirimbiri.

[Chogwirira chilowa pamwamba pa winchi]

Mukamva "kwiii", mota ikuzungulira koma tcheni ili njii, imeneyo ndi kilatchi, timbale tija togwira gudumu, ikuterereka. Mangani nati ya pamwamba ndi chogwirira chake. Ikapitiriza, masulani, tsukani timbale ta kilatchi ndi parafini, pakani girizi wochepa chabe. Poikanso, tsatirani mmene munachotsera; jambulani ndi foni musanamasule.

Mabawuti omangira winchi pa boti ndi kagudumu ka kumphuno kwa boti nazonso zimalira zikakhwepa. Zigwedezeni ndi dzanja, mudziwa pomwepo.

[Kamera pansi, pa giyabokosi]

Loopsa ndi phokoso lochokera pansi, lokukuta ngati mwala wagwera m'chigayo. Pamenepo siyani kuponda batani. Tsegulani pothirira oyilo. Oyilo akaoneka woyererako, madzi alowa, ndiye kuti masilo otchinga madzi atha. Mukapeza tizitsulo tonyezimira m'menemo, magiya kapena mabeyaringi ayamba kudyana. Mawinchi ambiri amafuna oyilo wa magiya wa SAE 90, komabe onani buku la winchi yanuyo, poti ena ndi omata, sathiridwa kanthu. Ngati simunatsegulepo giyabokosi, ine ndinganene kuti pitani nayo kwa makaniko, ndipo muuzeni mwini boti tsiku lomwelo.

Magiya amenewa amatha chifukwa cha kagwiritsidwe. Winchi ntchito yake n'kunyamula nangula ndi tcheni, osati kukoka boti lonse molimbana ndi mphepo. Yendetsani boti ndi injini pang'onopang'ono kulunjika pamene pali nangula, winchi izingotola tcheni yolendewera. Nangula akakanirira m'matope, tcheni ili chilili, chotsani phazi pabatani. Kolani tcheniyo pa chitsulo chomangirapo chingwe, kuti kulemera kuchoke pa winchi, kenako sunthani boti kutsogolo pang'ono ndi injini mpaka nangula azuke.