Literature: musamangofotokoza nkhani, yankhani funso

Eya, ndikhulupirira ikumveka. Ana anga, ndati ndingojambula mawu chifukwa kulemba zonsezi pa foni ndi chintchito. Nkhani ndi ya Chingerezi, zimene muyenera kumazitha pomaliza sekondale. Mbali ya chiyankhulo mukuidziwa kale, kumvetsera, kuyankhula, kuwerenga, kulemba, galamala, comprehension... pa summary pokha ndinene kuti mawu azikhala anu, osakopera ziganizo za m'ndimemo. Basi, pamenepo tisachedwepo.

Pofunika kukhalapo ndi pa literature. Cholinga sikudziwa nkhani. Ayi, ndiyambirenso, nkhaniyo muidziwe ndithu, koma ndi poyambira chabe. Chikufunika n'choti mukafunsidwa munene mfundo yanu, mutulutse umboni m'bukumo, kenako mufotokoze kuti umboniwo ukugwirizana bwanji ndi mfundoyo.

Titenge sewero la Macbeth, lolembedwa ndi Shakespeare. Funso likuti onetsani mmene kulakalaka ufumu kunamuwonongera Macbeth. Ndiye mwana amayamba, kunali mfiti zitatu ku Scotland, zinakumana ndi Macbeth ndi Banquo, kenako Macbeth analembera mkazi wake kalata, kenako mfumu Duncan inabwera, kenako, kenako, tsamba ladzaza koma funso silinakhudzidwe n'komwe. Kalasi yanga ina inagwera pomwepa, ana anzeru, buku analidziwa mpaka kumapeto, zinandipweteka kwambiri. Wochongayo nkhaniyo akuidziwa, sakufuna mumuuzenso.

Mukundimva? Ndibwereze pang'onopang'ono. Mfundo: ufumuwo unamulanda mtendere. Umboni: atangopha Duncan akuti wamva mawu omuuza kuti sadzagonanso tulo, ndipo mu Act 3 pa phwando paja akuona mzukwa wa Banquo, mnzake amene anamuphetsa, utakhala pamalo pake, alendo enawo sakuona kanthu. Tsopano kufotokoza, apa ndi pamene ambiri mumathawa. Nenani kuti munthuyu anapha kuti akhale pampando, koma taonani, pa phwando lake lomwe akulephera kukhala pansi. Chiganizo chimenechi ndi chanu, simuchipeza m'manotsi, ndipo malikisi ali pamenepo.

Za manotsizi... panali mnyamata wina, ndinamuuza werenga bukulo mwana wanga, iye ayi aphunzitsi ndili ndi summary ya pa intaneti. Mayeso atabwera anaika kachigawo ka sewerolo n'kufunsa akuyankhula ndani, akuuza ndani, chachitika n'chiyani izi zisananenedwe. Anangokhala cholembera chili m'manja. Ndikudziwa Chingerezi chake n'chovuta, Shakespeare anamwalira mu 1616, ndi chiyankhulo cha zaka zoposa 400 zapitazo, koma sewero analilemba kuti anthu azilichita, ndiye gawanani mbali muziwerenga mokweza, wina akhale Lady Macbeth wina Macduff, muona zikulowa.

Ndinali pati... eya, ndakatulo. Amene akuyankhula m'ndakatulo si nthawi zonse amakhala mlakatuliyo, ndiye musathamangire kulemba kuti wolemba ndi wamasiye chifukwa muli mawu oti "I". Komanso kungotchula mitundu ya mafanizo, kuti apa pali simile, apa pali metaphor, sikokwanira. Yabwera kudzatani? Ikukuonetsani chiyani? Ndi zomwe zija, mfundo, umboni, kufotokoza.

Ndiye sabata ino aliyense atenge funso limodzi, alembe ndime imodzi yokha, imodzi, osati tsamba. Mudule mzere kunsi kwa umboni wanu ndiuone, mujambule bwino chithunzicho chisachite mdima, munditumizire lisanafike Lachisanu.