Kodi Kuyenda Kungabweze Zimene Ubongo Waiwala?

[Chithunzi: agogo akuyenda pang'onopang'ono, mdzukulu atawagwira mkono]

Takulandirani. Ngati mukusamalira munthu wodwala dementia, matenda oiwalaiwala aja, mwina winawake anakuuzanipo kuti akamachita masewera olimbitsa thupi nzeru zibwerera. Kodi n'zoona?

Maganizowa ali ndi pochokera. Munthu akamayenda ndawala, mtima umapopa magazi mwamphamvu, ndipo m'thupi mumachuluka puloteni yotchedwa BDNF, imene imathandiza maselo a ubongo kulumikizana. Mu 2011, Kirk Erickson ndi anzake ku America anafalitsa kafukufuku wa achikulire 120. Theka la iwo linkayenda katatu pamlungu kwa chaka chathunthu. Atawaunika, kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga zinthu zatsopano, kanali katakula pafupifupi 2 peresenti. Ndipo kachigawoka kali m'gulu la malo amene matenda a Alzheimer, omwe ndi mtundu wina wa dementia, amayambira kuwononga.

Koma mvetserani apa: achikulirewo sankadwala dementia.

[Chithunzi: mapu a England]

Nanga odwala kale? Kafukufuku wina wotchedwa DAPA, amene anatuluka mu 2018, anatenga anthu 494 ku England omwe matendawa anali asanafike poipa. Ena anachita masewera moyang'aniridwa kwa miyezi 4, kenako n'kulimbikitsidwa kupitiriza paokha. Matupi analimbadi. Koma chaka chitatha, pamayeso a kuganiza ndi kukumbukira sanapose anzawo amene sanachite nawo masewerawo. Anatsalirako pang'ono, ngakhale kusiyanako kunali kochepa zedi.

N'zokhumudwitsa, sindikana. Komabe ine sindinganene kuti agogo azingokhala pampando. Vuto ndi loti timayembekezera phindu pamalo polakwika. Wosamalira wodwala aliyense amadziwa kuti tsiku limalemera kapena kupepuka ndi tinthu ting'onoting'ono: kodi adzuka okha pabedi? Avala okha? Afika kubafa osagwa? Apa m'pamene miyendo yolimba imagwira ntchito, ndipo ofufuza ena aona kuti masewera angathandize wodwala kudzichitira yekha zoterezi.

Choncho yambani pang'ono, mutafunsa dokotala ngati ali ndi vuto la mtima kapena amagwaigwa. Njira yomweyo, nthawi yomweyo, inu muli pambali pawo. Mukabwerako, musawayese ndi funso lakuti, "Mwakumbukira kumene tinapita?" Akhazikeni pansi, muwapatse madzi akumwa.