Yezani Asidi ndi Kabichi Basi! (Za Mandimu Zija Anakunamizani)

Moni nonse, takulandiraninso. Aphunzitsi a sayansi ndi inu makolo, lero ndi lanu: tiyeza asidi m'zinthu za m'nyumba popanda labotale. Musachokepo, pali bodza lina limene lero ndithana nalo.

Mwachangu: muyezo wake umatchedwa pH, anauyambitsa ndi Søren Sørensen ku Copenhagen mu 1909. Umachoka pa 0 kukafika pa 14. Pansi pa 7 ndi asidi, pa 7 ndi pakati, pamwamba pake ndi alikali. Nambala ikatsika ndi imodzi, ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Basi, tiyeni.

Choyamba, duladulani kabichi wapepo, mumuthire madzi otentha, akatulutsa mtundu musefe. Woyera uja sagwira ntchito, musadzandidandaulire m'makomenti. Chimene tikufuna ndi utoto wa kabichi wapepoyo, anthocyanin, umene umasintha mtundu malinga ndi pH.

Chachiwiri, gawani madziwo m'matambula oonekera mkati. Imodzi musathiremo kanthu, ikhale yoyerekezera.

Chachitatu, ana ayambe alosera mtundu umene utuluke, alembe, kenako muthire chinthu chimodzi choyeza m'tambula iliyonse. Mukawauziratu yankho, phunziro mwalipha. Taonani: viniga, pH yake pafupifupi 3, madzi asanduka pinki. Soda wophikira, pafupifupi 8, apita ku buluu. Sopo wa ufa, abiriwira. Tsopano mandimu... psuu! Kufiira kumeneku mukukuona? Ndi pH ya pafupifupi 2 imeneyo.

Imani kaye pomwepa. Ngati simunadine subscribe, dinani, chifukwa nkhani ija yafika.

Mukukumbukira uthenga umene unazungulira pa WhatsApp ndi Facebook mu 2020? Unkati kachilombo ka korona kamafa mukamadya zinthu za alikali, eti mandimu pH yake ndi 9.9, mapeyala 15.6. Abale inu, 15.6! Chipatso chimenecho chingapose mankhwala otsegulira mapaipi, mukanatsala ndi lilime? Ndipo mandimu amene tawaona akufiiritsa tambula apawa akhala alikali liti? Mwana wapulayimale ali ndi kabichi wake angathe kutsutsa uthenga umene akuluakulu ankatumizirana usiku ndi usana. Komanso pH timayeza zamadzimadzi, kachilombo pakokha kalibe nambala yakeyake yoti muigonjetse ndi chakudya.

Ndikudziwa, wina akulemba kale kuti "Ayi, mandimu akalowa m'thupi amasintha magazi kukhala alikali." Pepani achimwene, pepani achemwali. Chimene mwamwacho chimayamba chagwera m'mimba, momwe muli asidi wa pH ya pakati pa 1.5 ndi 3.5. Magazi nawo amakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45, ndipo thupi siliwalola kusuntha. Asidi akayamba kuchuluka, mapapo amatulutsa mpweya wa carbon dioxide wambiri, impso n'kutaya wotsalayo mumkodzo. N'chifukwa chake zakudya zimatha kusintha pH ya mkodzo, ndipo ogulitsa madzi a alikali amakuonetsani zimenezi ngati umboni. Umboni wake ndi woti impso zanu zikugwira ntchito, basi. Magazi akachokadi pa muyezo umenewu, amenewo ndi matenda ofunika kuchipatala. Mandimu imwani ngati mumawakonda, muli vitamini C, kungoti asidi wake amadya mano mukachulutsa. Amene anakutumizirani uthenga uja, atumizireni vidiyoyi.

Tinali pati? Eya, chachinayi. Palibe kulawa. Ndipo jiki musamusakanize ndi viniga kapena mandimu, zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo. Kwa ana aang'ono, jikiyo msiyeni kaye.

Chachisanu, tengani tambula ya viniga ija, muzithiramo soda pang'onopang'ono. Ichita thovu, mtundu uzibwerera ku pepo. Afunseni anawo kuti asidi uja wapita kuti.

Mwayesa chiyani china? Lembani m'makomenti mtundu umene watuluka, like musaiwale. Vidiyo yotsatira tinyika mapepala m'madzi a kabichi omwewa, tipange timapepala toyezera tathutathu.