Njoka ya m'munda wa Edeni: kodi Genesis ananenadi kuti ndi Satana?

Tengani Baibulo lanu, tsegulani Genesis mutu 3, muwerenge vesi loyamba mpaka lomaliza. Mukalipezamo dzina la Satana, mundilembere mu ndemanga vesi lake. Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikuona mmene Ayuda ndi Akhristu amaimvera njoka ya m'munda wa Edeni, ndipo musachoke msanga, chifukwa mfundo yachiwiri ndi imene yandikhalitsa pansi lero.

Mfundo yoyamba tithamangepo, poti nkhaniyi tonse tinaimva ku Sande sukulu. Njoka, m'Chiheberi nachash, inali yochenjera kuposa nyama zonse zakuthengo zimene Mulungu anapanga. Inanyenga Hava, iye anadya, Adamu nayenso anadya, ndipo njokayo inatembereredwa kuti iziyenda chamimba ndi kudya fumbi. Liwu loti yochenjera ndi arum, pomwe vesi lomaliza la mutu 2, lonena kuti anthu awiriwa anali maliseche, likuti arummim. Mwamva mmene mawuwo akufananira? M'Chichewa kukoma kwakeko sikumveka. Za apozi musazifunefune, malemba angoti chipatso.

Mfundo yachiwiri. Anthu amati, "Genesis akunena kuti Satana analowa mu njoka." Ayi ndithu, abale anga, Genesis sananene zimenezo. Iye akuiika njokayi m'gulu la nyama zimene Mulungu anapanga, ndipo chilango chake n'cha njoka imene mumaidziwa, yokwawa m'fumbi. M'Chipangano Chakale satana timampeza pa Yobu 1 ndi 2 komanso pa Zekariya 3, ndipo m'malo amenewa liwuli ndi udindo osati dzina. Likutanthauza woneneza, ngati uja amaimirira m'khoti kutsutsa wozengedwa mlandu. Pa Yobu kapena pa Zekariya palibe pamene akuti uyu ndiye anali m'munda muja.

Nanga zinachokera kuti? Tsatirani bwino. Buku la Nzeru za Solomoni, lolembedwa m'Chigiriki ndi Myuda chakufupi ndi nthawi ya Yesu, limati pa 2:24 imfa inalowa m'dziko chifukwa cha nsanje ya mdyerekezi. Akatolika muli nalo bukuli, koma inu a Buku Lopatulika simulipeza. Kenako Paulo, pa 2 Akorinto 11:3, akungoti njoka inanyenga Hava ndi kuchenjera kwake, ngakhale pa Aroma 16:20 akulonjeza kuti Mulungu adzaphwanya Satana pansi pa mapazi athu, mawu omwe amakumbutsa za Edeni. Pomveka mbee ndi pa Chivumbulutso 12:9 ndi 20:2, pomwe pakutchulidwa njoka yakale ija, ndiye Mdyerekezi ndi Satana. M'zaka za m'ma 100, Justin Martyr, mmodzi wa aphunzitsi oyambirira a Chikhristu, anali atayamba kale kuphunzitsa mosabisa kuti njoka ya m'munda ndi iyeyo.

Musandimve molakwa. Ine ndine Mkhristu, Chivumbulutso ndimachikhulupirira. Chimene chimandiwawa n'kumva mlaliki akuti "Genesis akuti" pomwe mawu amene akunenawo ali m'buku lomaliza la Baibulo. Nenani kuti tikuwerenga Genesis mothandizidwa ndi Chipangano Chatsopano, zimenezo n'zoona ndipo palibe chochititsa manyazi. Koma Myuda akakuuzani kuti iye akuonapo njoka, musamunene kuti wafufuta vesi. Sanafufute kalikonse.

Ngati mwatolapo kanthu kufika apa, dinani like, chitani subscribe, ndipo mutumize vidiyoyi ku gulu la WhatsApp la kwaya kapena la mlaga wanu. Zimatithandiza kwambiri.

Mfundo yachitatu, arabi, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, ankati chiyani? Apa m'pokoma. Buku la arabi lomasulira Genesis, lotchedwa Genesis Rabbah, la m'zaka za m'ma 400, limati njokayi inali ndi miyendo ndipo inkaima chilili, ndiye chifukwa chake kukwawa kunali chilango. Limaonanso kanthu kamene ambiri timangokadumpha. Pa Genesis 2:17 Mulungu analetsa kudya, koma pa 3:3 Hava akuwonjezera kuti ngakhale kukhudza mtengowo n'koletsedwa. Arabi amati njoka inamukankhira pa mtengo, ndipo ataona kuti sanafe, inamuuza kuti kudyanso sikungamuphe. Iwo anaphunzirapo kuti kuwonjezera pa lamulo la Mulungu n'kulifooketsa. Rashi, mphunzitsi wa ku Troyes ku France amene anamwalira mu 1105, analemba kuti njokayo inasirira Hava.

Komabe si Ayuda onse amene anaisiya ili nyama chabe. Buku la Pirkei de-Rabbi Eliezer, mutu 13, limati mngelo Samael anakwera pa njokayo ngati pa ngamira n'kumaiyankhulitsa. Mu Talmud, mabuku a ziphunzitso za arabi, pa Bava Batra 16a, muli mawu akuti Satana, mngelo wa imfa ndi chilakolako choipa cha mumtima, chomwe amachitcha yetzer hara, ndi chimodzi. Kusiyana kwakukulu pakati pa Ayuda ndi Akhristu kuli pa tchimo lobadwa nalo, lija analikhazikitsa kwambiri Augustine, bishopu wa ku Hippo. Chiyuda sichiphunzitsa kuti mwana amabadwa ndi mlandu wa Adamu.

Mfundo yachinayi ndi Genesis 3:15, mbewu ya mkazi yophwanya mutu wa njoka. Owerenga ambiri achiyuda amaona udani wa anthu ndi njoka. Akhristu, kuyambira kwa Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, amaonapo Khristu. Ndipo inu mwaonapo chithunzi cha Amayi Maria ataponda njoka, dziwani kuti Baibulo la Chilatini la Vulgate linkati ipsa, kutanthauza kuti wophwanyayo ndi mkazi, pomwe Chiheberi chikuti hu, liwu lachimuna.

Ambiri mwakhala mukundifunsa za chiphunzitso cha mlaliki wa ku America William Branham, choti Kaini anali mwana wa njoka. Imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa, ndiye dinani belu lija kuti isakuphonyeni. Musanabwere, kawerengeni Genesis 4:1, mundiuze mu ndemanga kuti vesilo likuti bambo wa Kaini ndani.