Rauta ili ndi mapasiwedi awiri: zimene zinalankhulidwa pa msonkhano wa ku Kamwendo

Zikomo a gulupu, mafumu onse, aphunzitsi, akomiti ya msika, amayi ndi abambo. Inu muli kumbuyoko sendererani kuno kumthunzi kuti timvane bwino.

Nonse mwamva zimene zachitika pa shopu ina pano pa Kamwendo. Dzina sinditchula, eni ake andilola kufotokoza nkhani yokha. Bandulo ya mwezi wathunthu inatha mwezi usanafike pakati. Anagula ina. Kenako mtsikana wogulitsa m'shopumo atafuna kutsegula tsamba la banki, foni inachenjeza kuti tsambali n'lokayikitsa. Iye anapitirira, ndipo linabwera tsamba lofanana ndi la banki ndithu, likufunsa PIN. Mwayi wake mtima unamugunda, sanalembe. Ena mwayamba kale kunena kuti ndi zamatsenga, ena mukuti ndi anyamata a ku Chipata. Ayi. Rauta ya pa shopuyo, kamakina kogawa intaneti pa Wi-Fi, ndinaiona ndi maso angawa. Munthu wina amene anali ndi pasiwedi ya Wi-Fi analowa m'kati mwa rauta polemba mawu amene inabwera nawo kuchokera kufakitale, admin, n'kusintha zimene anafuna. Sanavutike n'komwe.

Ndiye gwirani ichi, mukaiwala zina zonse ichi chokha musaiwale. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri. Ina ndi ya Wi-Fi, ija mumapatsa ana kuti alowe pa WhatsApp. Ina ndi ya admin, yolamulira rauta yonse. Ambiri mumasintha yoyamba ija n'kukhala mtima m'malo, yachiwiriyi simudziwa n'komwe kuti iliko. Pasiwedi ya admin yobwera ndi makina isintheni lero. Kaya ndi ka MiFi kam'thumba, kaya ndi rauta ya kusukulu, ya ku kopaletivu, ya pa Airtel kapena TNM, n'chimodzimodzi.

Musaone ngati ndi vuto la kuno kokha. Mu 2016 kunabuka pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai. Inkangoyendayenda pa intaneti kuyesa mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 pa makamera ndi marauta a anthu, ndipo inalanda makina ambirimbiri. Mu Okutobala chaka chomwecho makina olandidwawo anagwiritsidwa ntchito posokoneza masamba akuluakulu ngati Twitter ndi Netflix ku America. Eni makinawo sankadziwa kanthu. Chimene analakwa n'chomwechi, kusiya admin momwe anaipezera.

Nanga wakuba uja anasintha chiyani? Mukalemba dzina la tsamba, foni sidziwa kumene tsambalo lili. Imafunsa rauta, rauta imakafunsa makina otchedwa DNS, amene amasunga mayina a masamba ndi manambala ake. Munthu akachotsa DNS yoona n'kuikapo yake, inu mumalemba dzina lolondola koma mumatumizidwa kwina. N'chifukwa chake foni ikachenjeza kuti tsamba silotetezeka, imani pomwepo. Ndipo PIN ya banki, ya Airtel Money kapena ya Mpamba si youza munthu aliyense, ngakhale atati ndi wa kuofesi.

Tsopano firewall. Iganizireni ngati mlonda wa pageti la mpanda. Mukatuma mwana kumsika, pobwera mlonda amamutsegulira chifukwa anamuona akutuluka. Mlendo amene palibe wamuitana amam'bweza. Rauta imatero: yankho la zimene foni yanu yapempha limalowa, zobwera zokha kuchokera kunja zimakanidwa. Koma mlonda uja sangakutetezeni kwa munthu amene mwamulowetsa kale m'nyumba ndi kumusiyira makiyi pampando. Mwaona pamene pasiwedi ya admin ikubwereranso?

Pali chizolowezi china chimene chikundidetsa nkhawa. Nyengo yogula soya ndi mtedza ikafika, ambiri mukuika makamera m'mashedi kuti muziona matumba pa foni muli ku Boma kapena ku Lilongwe. N'zabwino. Koma mnyamata woika kamera ikamuvuta, amangozimitsa firewall, kapena amaika kamerayo pa DMZ, kutanthauza kuti chilichonse chochokera kunja chizipita kwa iyo popanda wofunsa. Chithunzi chikaoneka mumamulipira, iye wapita. Amalume, amene angaone matumba anuwo si inu nokha. Mufunseni asanachoke: firewall yayaka? Watsegula chiyani? Pasiwedi ya kamera wasintha? Ngati akufunikadi kutsegula njira pa port forwarding, malo otsegulira njira yochokera kunja kupita ku kamera, atsegule imodzi yokhayo, akulembereni papepala.

Ndipo amayi, abambo, tisiye kulemba pasiwedi ndi makala pakhoma la shopu. Ndadutsa m'misika yathuyi, ku Kapiri, ku Mkanda, ndaona 12345678, ndaona nambala ya foni ya mwini shopu, imene yalembedwanso pachikwangwani panja. Dzina la mwana wanu nalonso lisakhale pasiwedi, mudzi wonse ukulidziwa.

(Bambo wina akweza dzanja: "Achimwene, ife kuno timapemphana mchere ndi moto. Mnansi wanga akandipempha Wi-Fi kuti alankhule ndi mwana wake ku Joni, ndimukanize? Andiyesa womana.")

Zikomo bambo, funso limeneli ndi la tonsefe. Musamukanize ayi. Vuto si mnansi wanuyo. Vuto ndi lakuti pasiwedi ikachoka pakamwa panu siima kwa iye. Mafoni a masiku ano amatulutsa kachizindikiro ka QR, mwana wake angoonetsa mnzake, mnzakeyo wajambula, walowa. Pofika Loweruka anyamata a kabaza onse a pa siteji ali pa rauta yanu akukopera mafilimu, inu mukudabwa kuti bandulo ikupita kuti. Ndipo aliyense wa iwo angathe kutsegula tsamba la admin ngati simunasinthe.

Njira yake ilipo. Marauta ambiri ali ndi malo olembedwa Guest Network, netiweki ya alendo. Imakhala ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Mukaitchera bwino, amene walowa pamenepo amapeza intaneti koma safika pa kompyuta yanu, pa kamera, kapena pa tsamba la admin. Ena amalola ngakhale kuchepetsa liwiro lake kapena chiwerengero cha mafoni. Mnansi mupatseni imeneyo ndi mtima woyera, ndipo muziisintha mwezi ukatha, akabwera mumuuzenso yatsopano. Ngati rauta yanu ilibe zimenezi, tengani foni yake mulembe nokha, ndipo muzisintha pafupipafupi. Chibale chikhalapo, bandulo ikhalapo. Koma ya admin, bambo, imeneyo si ya mnansi, si ya mlamu. Ndipo achinyamata mumve, kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo ndi mlandu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 likutero. Zikakuchitikirani kanenani kupolisi.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Tembenuzani rauta, pansi pali kapepala kolembedwa adiresi, nthawi zambiri 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Lumikizani foni ku Wi-Fi yanuyo, lembani manambalawo pamene mumalemba dzina la tsamba, lowani. Choyamba sinthani pasiwedi ya admin, ikhale yaitali, mawu angapo osagwirizana, kuphatikizapo manambala, muilembe m'kope losunga kunyumba. Pa chitetezo cha Wi-Fi sankhani WPA2, kapena WPA3 ngati ilipo. WEP ndi yakale, imathyoledwa mosavuta. WPS, njira yolowera pa Wi-Fi popanda kulemba pasiwedi, zimitsani. Remote Management, yolola munthu kulamulira rauta ali kutali, zimitsani; UPnP, yolola makina kudzitsegulira okha njira pa firewall, zimitsani ngati palibe chimene chikuifuna. Firewall ikhale yoyaka. DNS ikhale pa Automatic. Onani mndandanda wa mafoni amene alumikizidwa, amene simukuwadziwa achotseni. Pakabwera firmware yatsopano, pulogalamu yoyendetsa rauta, ikani, koma rauta ikhale pa batire kapena pa sola, chifukwa magetsi akathima ili m'kati ingawonongeke.

Mukakayika kuti wina anailowa kale, pali kabowo kolembedwa Reset. Dinani ndi waya wopyapyala kwa masekondi pafupifupi 10, zonse zibwerera mwakale, kuphatikizapo pasiwedi ya kufakitale ija, choncho muisinthe nthawi yomweyo musanapatse aliyense Wi-Fi.

Amene mwabwera ndi marauta anu, bwerani nawo patebulo apa tiyambe ndi ya kusukulu. A gulupu, zikomo, ndabweza mawu kwa inu.